Tisamutseke pakamwa Mkhristu amene akuopa imfa

Patatsala masiku asanu ndi anayi kuti atisiye, azakhali anga anandidzutsa pakati pa usiku. Ine ndinali gadiyani wawo, ndikugona pa chitenje pansi pa bedi, mutu nditatsamiritsa pa chikwama. M'wodimo munali zii, kupatula mayi wina chakukhomo amene ankabuula mwa apo ndi apo. Anandigwira dzanja, lawolo litapepuka ngati la mwana, n'kunena motsitsa mawu: "Iwe, undiuze zoona. Ine ndikufa eti?"

Yankho ndinkalidziwa. Masana ake adokotala anali atatiitanira pambali, ine ndi mwana wawo woyamba, n'kutiuza kuti khansa ija yafalikira ndipo chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga ndi ichi: "Aa, azakhali, musamayankhule choncho. Mulungu ndi wamkulu, muchira. Zimenezo tikuzikana m'dzina la Yesu." Anandiyang'ana kanthawi, n'kusiya dzanja langa, n'kutembenukira kukhoma. Sanandifunsenso.

Mayi ameneyu anali wa Mvano kwa zaka zoposa 30. Kusiwa anagonako kosawerengeka, matupi a anzawo anasambitsa, nyimbo za maliro ankaziimba osatsegula buku. Za kumwamba sankafunika kuphunzitsidwa ndi ine. Usiku umenewo anali ndi mantha, ndipo ankafuna munthu woti akhale nawo m'manthamo. Ine ndinawaponyera dzina la Yesu ngati chotsekera pakamwa, n'kubwerera pa chitenje changa ndikudziona ngati wachikhulupiriro.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikutchera khutu ku zimene ife Akhristu timauzana munthu akatchula kuti imfa ikumudetsa nkhawa, ndipo ndafika poti ndinene poyera kuti tikulakwitsa. Tinaphunzitsana kuti woopa imfa ndi wofooka m'chikhulupiriro. Chiphunzitso chimenechi sichichotsa mantha a munthu. Chimangomuonjezera manyazi pamwamba pa manthawo, kenako chimamusiya yekha.

Tiyambe tavomereza kuti M'malawi amene akuganizira za imfa sakulota masana. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tinaona Edzi ikukokolola aphunzitsi, anamwino ndi makolo athu, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Pa 12 Januwale 2021 Covid inatenga nduna ziwiri za boma tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo aliyense anadzifunsa kuti ngati zikugwa nduna, nanga ine ndine yani. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche usiku, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja a ku Chilobwe ali m'tulo, ndipo m'dziko lonse anafa anthu oposa 1,000. Pa 10 Juni 2024 ndege inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, wachiwiri kwa pulezidenti a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu n'kuthera pomwepo. Onjezanipo minibasi za pamsewu wa M1, BP imene ikugwetsa anthu a zaka 40, ndi foni imene ukangoitsegula m'mawa umapeza pa WhatsApp chithunzi cha kandulo ndi mawu oti mzimu wawo uuse mumtendere. Munthu woona zonsezi n'kumadzuka 2 koloko usiku mtima ukugunda, akuganiza za ana ake, mutu wake ukugwira bwinobwino.

Ndiye akapita ku tchalitchi ndi katundu ameneyu amakalandira chiyani? Kawirikawiri amakapeza chimodzi mwa zinthu ziwiri.

Choyamba ndi kukana. Masiku ano pafupifupi mpingo uliwonse, ngakhale ija yakalekale, walowa chilankhulo cha kudzudzula mzimu wa imfa. Timafuula vesi la pa Salimo 118 loti sindidzafa koma ndidzakhala ndi moyo, timabweza mivi kwa amene anaitumiza, timagula mafuta ndi madzi odzozedwa, timapita ku phiri kukasala. Ukangoti "ndikadzafa" pagulu, wina amakudula msangamsanga kuti usadzilosere zoipa, lilime lili ndi mphamvu. Apa chikhristu chatsopanochi changokumana ndi chikhulupiriro chathu chamakolo choti kutchula imfa n'kuiitana, ndiye ziwirizi zagwirana manja mwamphamvu. Vuto lake n'lakuti munthu wophunzitsidwa kuti mawu ake ndi amene akumutchinga ku imfa sapumanso. Ganizo la imfa likangomudutsa m'mutu amanjenjemera kawiri: kuopa imfayo, ndi kuopa kuti poiganizira waitsegulira chitseko. Ndipo tsiku limene m'bale wake wamwalira ngakhale anapemphera usiku wonse, amatsala ndi funso lowawa loti analephera ndani, iye kapena malemuyo.

Funso limenelo likasowa kolowera limakafunafuna munthu. Mu Januwale 2016 ku Neno mtsikana anafa ndi mphenzi, ndipo anthu anapha agogo anayi powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenziyo. Sindikunena kuti mapemphero okana imfa ndi amene anapha agogowo. Ndikunena kuti mtundu umene umakhulupirira kuti palibe imfa yobwera yokha, ukamva paguwa kuti imfa iliyonse ya msanga ili ndi mwini wake, umatsimikiza zimene unkaganiza kale. Yesu atauzidwa za anthu ophedwa, anakumbutsa omumvera za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukana kuti iwowo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Sanaloze mfiti, sanaloze tchimo la ofawo. Nkhaniyi ili pa Luka 13, koma ndi kangati mwaimvapo ikulalikidwa pa maliro a ngozi?

Chachiwiri ndi kuopseza. Malo okhawo amene mpingo umakamba za imfa mosabisa ndi pamaliro, ndipo pamenepo mlaliki amaona khamu limene Lamulungu salipeza. Ndiye amaloza bokosi: uyu wake watha, nanga iwe ukanakhala m'menemu ukanapita kuti? Ola lathunthu, dzuwa likuswa mtengo, adzukulu akudikira ndi makasu, namfedwa ali chigonere pa mkeka osamva ndi liwu limodzi lomwe lomukhudza iye. Ndikudziwa kuti alipo anthu amene anatembenuka mtima pa ulaliki wotere, ndipo sindikuwanyoza. Kuitanira anthu ku kulapa ndi ntchito ya mpingo. Koma taganizirani mtsikana wa zaka 15 amene wakhala kumbuyo kwa amayi a Chigwirizano kapena a Dorika, amene usiku sagona chifukwa choopa kuti adzafa mwadzidzidzi ngati bambo ake. Iyeyu wabwera kale ndi mantha odzadza mtima. Akuchoka pamandapo ataphunzira kuti Mulungu ndi wobisalira anthu pa kona.

Chondidabwitsa n'chakuti Baibulo limene timanyamula silichita manyazi ndi mantha a imfa ngati mmene ife timachitira. Ku Getsemane Yesu anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, n'kuwauza poyera kuti moyo wake wazingidwa ndi chisoni chofa nacho. Anapempha katatu kuti chikho chimupitirire. Luka akuti thukuta lake linali ngati madontho a magazi, ndipo kalata ya kwa Ahebri, pa mutu 5, ikukamba za kulira kwakukulu ndi misozi. Uyu ndi amene anali atauza kale ophunzira ake kuti adzauka tsiku lachitatu. Kudziwa za kuuka sikunamuletse kunjenjemera. Ndipo taonani chimene anapempha kwa anzake aja. Sanawapemphe kuti amulimbikitse ndi mavesi kapena adzudzule mtanda. Anawapempha kuti akhale naye maso. Iwo anagona. Ndikawerenga ndimeyi ndimadziona ndekha pansi pa bedi paja.

Mfumu Hezekiya atauzidwa ndi mneneri Yesaya kuti akonze za pa nyumba yake chifukwa afa, anatembenukira kukhoma, ngati azakhali anga, n'kulira kwambiri. Mulungu sanamudzudzule kuti alibe chikhulupiriro. Anati waona misozi yake, n'kumuonjezera zaka 15. Zaka 15 zija zitatha anamwalirabe. Paulo, yemwe uja analemba kuti kwa iye kufa ndi phindu, m'kalata yomweyo ya kwa Afilipi akuthokoza kuti mnzake Epafrodito wachira, ati pakanapanda apo akanakhala ndi chisoni pamwamba pa chisoni. Pa manda a Lazaro Yesu analira, ngakhale kuti kunali kutangotsala mphindi zochepa kuti amuitane atuluke. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima, lopanda ndi aleluya mmodzi yemwe, ndipo amene anasonkhanitsa Masalimo sanalichotsemo. Wolemba nyimbo yotero lero tikanamuitanira ku mapemphero a mamasulidwe.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mavesi ake. Kodi Paulo sanati tisadere nkhawa kanthu kalikonse? Kodi Yesu sanafunse kuti ndani angatalikitse moyo wake podera nkhawa? Kodi sitinauzidwe kuti Mulungu sanatipatse mzimu wa mantha? Zoona, analemba zimenezo. Koma werengani vesi la pa Afilipi 4 lija mpaka kumapeto: likuti nkhawazo tizinene kwa Mulungu m'pemphero. Munthu sunganene chinthu chimene ukukana kuti uli nacho. Mayi akamauza mwana wake usiku kuti usaope, sakumuimba mlandu, akumuyandikira n'kumufungatira. Ife tatenga mawu ofungatira n'kuwasandutsa lamulo la khoti. Pa Ahebri 2 pali kusiyanitsa kumene ndimakuona kothandiza kwambiri: akuti Khristu anabwera kudzamasula iwo amene moyo wawo wonse anali akapolo chifukwa choopa imfa. Chimene chikuthyoledwa apa ndi ukapolo. Kugunda kwa mtima pamene adokotala akutsegula envelopu ya zotsatira ndi umunthu chabe. Ukapolo ndi pamene mantha akukulamulira: sukayezetsa magazi, sukaona wodwala, ukuthira ndalama ya fizi ya ana m'mbale ya mneneri kuti akutchinjirize, ukuyang'ana agogo a nyumba yoyandikana nayo ndi diso lofiira.

Nanga machiritso? Inenso ndimakhulupirira kuti Mulungu amachiritsa, ndipo ndikadwala mundipempherere ndithu. Ndikumvetsanso chifukwa chake anthu amathamangira kwa olonjeza zozizwitsa. Ukapita ku chipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, ukagule ku famase ndi ndalama imene ulibe, munthu wokuuza motsimikiza kuti uchira amamveka ngati mngelo. Sindingamuseke mayi amene wagwira pamenepo. Koma amene timaima paguwa tili ndi udindo wonena zonse. Mneneri Elisa, amene anaukitsa mwana wa mayi wa ku Sunemu, anadwala nthenda imene anafa nayo. Paulo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto. Lazaro amene anaukitsidwa uja sali pakati pathu lero. Ngati uthenga wathu ndi woti wokhulupirira safa msanga, ndiye kuti Stefano, Yakobo m'bale wake wa Yohane, ndi anyamata aja anatenthedwa ku Namugongo ku Uganda mu 1886 anali operewera chikhulupiriro. Chikhristu sichinalonjezepo kuti imfa tidzaizemba. Chimaitcha mdani, mdani wotsiriza, n'kunena kuti manda a mmodzi anapezeka apululu ndipo athunso adzatero. Amene akugulitsa chitetezo cha kuimfa akugulitsa katundu amene sanapatsidwe.

Chimene ndaphunzira mochedwa n'chakuti munthu akati akuopa imfa, nthawi zambiri mkati mwa mawuwo muli zinthu zingapo zomangidwa mtolo umodzi, ndipo sungadziwe chimene chikumulemera usanamulole kumasula. Ambiri, makamaka amayi, sakuopa kwenikweni kumene akupita. Akuopa zotsala. Ana adzaphunzira bwanji? Achibale a bambo sadzabwera kudzazula malata ndi kutenga mashini osokera? Nkhawa imeneyi siithetsedwa ndi kusala kudya. Dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo limalola munthu wamkulu aliyense kulemba wilo n'kusainira pamaso pa mboni ziwiri. Koma tauzani Mkhristu mnzanu kuti alembe wilo, akuyankhani kuti mukumufunira zoipa. Chonsecho uthenga wa Mulungu kwa Hezekiya unayamba ndi kukonza za pa nyumba. Yakobo anaitana ana ake n'kuwauza ndi malo omwe oti akamuike, kuphanga la Makipela. Yesu ali pamtanda, misomali ili m'manja, anakonza za amene adzasamale amayi ake. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ndikanakonda kuona mlaga kapena mphakati umene kamodzi pa chaka umaitana munthu wodziwa malamulo kudzathandiza akhristu kulemba mawilo, m'malo moti zonse zikhale zopereka za pepala Sande.

Ena akuopa ululu. Anaonapo m'bale akufa akukuwa, ndiye akuganiza kuti imfa ya khansa ndi yotero basi. Sikuti ziyenera kutero. Kuli chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, monga cha ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha ku Ndi Moyo ku Salima kumene anayambitsa namwino Lucy Finch, ndipo mofini wakumwa amachepetsa ululu kwambiri. Koma mabanja ena achikhristu amakana kuti wodwala wawo alembedwe kumeneko, ati kutero n'kugonja. Ndi maganizo omwewo amene amachititsa banja la Chikatolika kuzengereza kuitana bambo mfumu kudzadzoza wodwala, kuopa kuti akangodzozedwa ndiye kuti basi wapita, mpaka wansembe amafika munthu atasiya kale kuyankhula. Timamumana wodwala mankhwala ndi chitonthozo pofuna kuteteza mitima yathu ife otsala.

Enanso mantha awo ndi matenda ndithu. Mtima umathamanga, mpweya umabanika, thukuta lili kamukamu, munthu n'kutsimikiza kuti akufa pompano, koma akamuyeza sapeza kanthu. Zikachitika kawirikawiri, ameneyu akufunika dokotala kapena mlangizi wa za maganizo, ngati amene ali ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kumuzungulira anthu khumi n'kumamukuwira kuti chiwanda chituluke kumangomuonjezera kugunda kwa mtima kuja.

Ndiye pali mantha enieni a pansi pa mtima, oti kodi Mulungu akandilandira? Apa ndi pamene chikhulupiriro chili ndi mawu akeake, amene dokotala kapena loya sanganene. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu amene akhala m'tchalitchi moyo wawo wonse amafika pa bedi lomaliza akuwerengetsera ngati kuti akukalipira ngongole: kodi chakhumi ndinamaliza, kodi tchimo lija la ndili mtsikana linakhululukidwadi? Katekisimu wa ku Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo ya chiphunzitso cha Reformed imamudziwa, amayamba ndi funso la chimene chimamutonthoza munthu pa moyo ndi pa imfa. Yankho lake silitchula ntchito za munthuyo kapena kulimba mtima kwake. Limati iye si wa iye yekha, ndi wa Yesu Khristu, thupi ndi mzimu womwe. Paulo ananena zomwezo kwa Aroma, kuti tikhale ndi moyo kapena tife, ndife ake a Ambuye. Chigawenga chija cha pamtanda sichinapite ku kalasi, sichinabatizidwe, sichinapereke chakhumi. Chinangopempha kukumbukiridwa. Ngati zili choncho, ndiye kuti munthu akhoza kufa akunjenjemera n'kufikabe kwawo, monga mwana amene akuoloka mtsinje wodzadza ali kumsana kwa amake akulira. Chomuolotsa si kulimba mtima kwake.

Ndisanamizire kuti zimenezi zinandichotsera mantha anga onse. Ndimadzukabe usiku nthawi zina, makamaka ndikamva kachotupa penapake kapena mnzanga wa msinkhu wanga akatisiya. Chimene chinasintha n'chakuti sindidzukanso kukalimbana ndi ganizolo ngati mbala yalowa m'nyumba. Ndimamuuza Mulungu kuti ndikuopa, ndipo kukacha ndimauzako munthu. Akatolika ndi Aangilikani ali ndi mwambo umene kale ndinkauona wachilendo, wa Lachitatu la Phulusa, pamene munthu wamoyo, wathanzi, wovala bwino popita ku ntchito, amapakidwa phulusa pamphumi n'kuuzidwa kuti ndi dothi ndipo kudothi adzabwerera. Panopa ndimauona ngati chifundo. Kamodzi pa chaka munthu amamva zoona zimenezi ali chiimire pa mzere ndi anzake, popanda bokosi patsogolo, popanda womuloza chala.

Sindikunena kuti tizithamangira kwa wodwala aliyense n'kumuuza kuti akufa. Ena safuna kudziwa, ndipo ndi ufulu wawo. Komanso si ife odziwa tsiku, madokotala amaphonya. Ndikunena za amene wafunsa yekha, kapena amene wayamba kuzungulira nkhaniyo ndi timawu ngati "ine ndatopa" kapena "ana awa mudzawaone". Pamenepo chitseko wachitsegula mwini wake. Timati maliro n'kulirana, ndipo pa zimenezo Amalawi sitichepa: timasonkha ufa, nkhuni ndi chipepeso, timagona panja masiku awiri. Koma kulirana kwathu kumayamba munthu atatseka maso. Pamene akanatha kumva, timamuuza kuti asamatero.

Tsiku lometa, anthu atayamba kubalalika, mayi wina wachikulire wa Mvano anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Anali mnzawo wa azakhali kuyambira ali atsikana, ndipo anabwera kuchipatala kamodzi kokha, patapita masiku awiri chichitikireni zija za usiku, ine nditapita kukaphika kukhitchini ya magadiyani. Anandiuza kuti azakhali anamufunsa funso lomwe lija. Iye anangokhala pa bedipo n'kunena kuti, "Ukuopa eti, mnzanga? Inenso ndikanaopa. Tandiuza." Ndiye azakhali analira, kenako anayankhula pafupifupi ola lathunthu. Anati akufuna adzawaveke yunifolomu yawo ya Mvano, anatchula nyimbo yoti idzaimbidwe potuluka m'nyumba, anatuma uthenga wopepesa kwa mlamu wawo amene sankayankhulana naye kwa zaka zinayi, ndipo anapempha kuti awawerengere Salimo 23 kawiri. Anamuuzanso kuti masheya awo a ku banki m'khonde asadzagwiritsidwe ntchito pa maliro, ndi a fizi ya mwana wawo womaliza amene anali Fomu 3, ndipo kabuku kake kali m'chitini cha mabisiketi pansi pa zitenje m'sutikesi. Madzulo ake tinatsegula sutikesi ija. Chitini chinalimo, kabukunso kanalimo, ndipo pachikuto pake anali atalembapo kale ndi bolopeni dzina la mwanayo.